Chipatala cha boma, cha mishoni, mudzi wa akhate kapena kukhala pakhomo: munthu akadwala m'ma 1920 bola kunali kuti?

Nkhani ya zipatala za nthawi ya atsamunda imatigawa pawiri, ena amati kale zinthu zinali bwino mankhwala analiko, ena amati ayi kunalibe kalikonse anthu amangofa. Koma ukaiona bwinobwino yankho limatengera kuti munthuyo wadwala chani, akukhala dera liti, komanso khungu lake ndi lotani. Nde ndafuna tiyerekeze makomo amene munthu wakuda wa ku Nyasaland akanagogoda kuyambira 1900 mpaka cha m'ma 1935, a boma ndi omwe sanali a boma, chifukwa a bomawo sungawamvetse utawaika paokha. Ine poyeza ndikuyang'ana kuti ndani amaloledwa kulowa, mkatimo munali mankhwala ochizadi kapena kunali kungosunga anthu, komanso ngati ukalowa umatha kutuluka tsiku lomwe wafuna kapena kiyi amakhala ndi wina.

Tiyambe ndi chipatala cha boma. Choyamba kudziwa nchoti madokotala a boma sanabwerere anthu a m'midzi ayi. Anabwera kudzasamala mabwana a boma ndi azungu anzawo, kenako asilikali a KAR, gulu lankhondo la atsamunda, apolisi, akaidi ndi ena ogwira ntchito m'boma. Nchifukwa chake zipatala zoyambirira zinali pa boma penipeni monga Zomba, Blantyre, Fort Johnston komwe lero ndi Mangochi, Port Herald komwe lero ndi Nsanje, ndipo ku Zomba ndi ku Blantyre chipatala cha azungu chinali pachokha cha anthu akuda pachokha, mabedi osiyana, chakudya chosiyana, ndalama zoikamo zosiyana kutalitali. Dokotala mmodzi amayang'anira dera lalikulu zedi ndipo maboma ena analibiretu dokotala wachizungu, chipatala amachigwira anali amwenye ochokera ku India omwe anachita maphunziro a udokotala otsikirapo, pansi pawo nkukhala madresa achikuda otsuka zilonda ndi kugawa mankhwala. Nkhondo ya 1914 itayamba zinafika poipa chifukwa madokotala ambiri anapita ndi asilikali, amuna zikwizikwi anagwidwa kukakhala amtengatenga nkumafa m'njira ndi kamwazi, chibayo ndi malungo, kenako chakumapeto kwa 1918 chimfine chachikulu chija chinafika nkupeza anthu atafooka kale.

Zinayamba kusinthako m'ma 1920 pamene boma linayamba kutsegula tizipatala ting'onoting'ono m'midzi, kanyumba kamodzi dresa mmodzi ndi bokosi la mankhwala basi. Osatinyoza titizipatalati chifukwa ndi nthawi yomwe jakisoni anatchuka. Kunali matenda ena a zilonda zapakhungu omwe azungu amati yaws, munthu amakhala nazo zaka koma akabayidwa majakisoni angapo a bismuth zilonda zimauma anthu akuona ndi maso, ndiye mbiri inapita patali, anthu nkumayenda mitunda kulondola jakisoni. Kwinini wa malungo analipo, katemera wa nthomba analipo, mankhwala a njoka zam'mimba ndi a likodzo analiponso ngakhale anali owawa ndi oopsa akachuluka. Mu 1929 ku Britain anakhazikitsa lamulo lopereka ndalama zachitukuko ku maiko omwe amawalamulira, mu 1930 Dr Shircore wochokera ku Tanganyika anabwera kudzayendera ntchito zaumoyo nkulemba lipoti, ndipo ndalama zimenezo ndi zomwe zinamanga zipatala zanjerwa zingapo za anthu akuda m'zaka zotsatira. Ubwino wina waukulu, ku boma munthu wakuda samalipira. Paja mu 1964 boma latsopano litaika tiki imodzi yolipira kuchipatala nkhaniyo inali imodzi mwa zomwe nduna zinakanganirana ndi Kamuzu, zikusonyeza kuti anthu anali atazolowera kuti cha boma ndi chaulere.

Koma vuto la khomo la boma linali loti limafanana nkhope ndi boma lomwe limatolera msonkho. Mesenjala yemwe dzulo anabwera kudzagwira osakhoma msonkho wa nyumba ndi yemweyo lero akuti nonse tulukani mubayidwe katemera. Matenda a kaodzera atapezeka cha mu 1908 boma linatseka madera, kuletsa anthu kuyenda, kumawagwira m'khosi kufufuza zotupa, odwala kuwasonkhanitsa malo amodzi pomwe mankhwala odalirika kunalibe. Nde munthu akamathawa dokotala wa boma sikuti unali umbuli, anali ataona kuti ena opita kumeneko sabwerako.

Tsono mbali inayo kuli chipatala cha mishoni, ndipo apa tinene chilungamo, kwa munthu wamba mishoni ndi yomwe inayamba kutsegula chitseko. Dr Robert Laws anachita opaleshoni yogoneka munthu ndi chloroform ku Cape Maclear mu 1876, boma la atsamunda lisanakhazikike nkomwe. Ku Khondowe, komwe kuli mishoni ya Livingstonia, chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa mu 1911, pamalo pomwe panali kale madzi a m'mipope ndi magetsi ochokera ku mathithi. Ku Blantyre Mission Dr Neil Macvicar anafika mu 1896 nkuyamba chipatala komanso kuphunzitsa anyamata achikuda ntchito yothandiza dokotala. A Anglican a UMCA anali ndi zipatala ku Likoma, Nkhotakota ndi Malindi, sitima yawo ya Chauncy Maples nkumayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja kuyambira 1901. A Dutch anayamba chipatala cha Nkhoma mu 1915. Kumeneku dokotala amakhala zaka zambiri malo amodzi, amayankhula Chinyanja kapena Chitumbuka kapena Chiyao, amadziwa mafumu, pomwe wa boma amasamutsidwasamutsidwa asanadziwe olo moni. Komanso ku mishoni kunali manesi achizimayi, ndiye nkhani ya uchembere ndi ana akhanda inayambira kumeneko, boma linabwera mochedwa pa zimenezi.

Zovuta zake zinaliponso. Mishoni zambiri zimafuna kuti upereke kenakake, kaya makobiri kaya nkhuku, mazira kapena ufa, poti amakhulupirira kuti chinthu chaulere munthu sachisamala. Mapemphero m'wodi anali a tsiku ndi tsiku ndipo kwa Msilamu wa ku Mangochi kapena munthu wa gule zimenezo sizinali zazing'ono. Dokotala akapita kutchuthi kwawo chipatala chimatha kukhala chaka chopanda dokotala. Ndipo chachikulu, mishoni zimamanga komwe zapeza malo ndi anthu owatembenuza, sizimayang'ana mapu a dziko lonse kuti kwatsala kuti, ndiye dera lina limakhala ndi zipatala ziwiri zoyandikana za mipingo yopikisana pomwe kwina munthu amanyamulidwa pa machila masiku angapo.

Nde pa awiriwa ine ndikuona chonchi. Ngati ndi chilonda, malungo, njoka zam'mimba kapena matenda ofuna jakisoni, pita pomwe pali pafupi, ndipo kachipatala ka boma kanali bwino poti sulipira. Ngati ndi chotupa chofuna mpeni, ng'ala m'maso, fupa lothyoka kapena mayi amene mwana wapingasa, bola ku mishoni komwe kuli dokotala wokhazikika, pokhapokha ngati uli pafupi ndi Zomba kapena Blantyre. Ndipo anthu ambiri samasankha chimodzi, amayamba kwa asing'anga, zikakanika kuchipatala, akatuluka kubwereranso kwa asing'anga kuti akamve chomwe chinayambitsa. Lamulo la ufiti la 1911 linaletsa mwabvi ndi kuloza munthu kuti ndi mfiti koma silinachotse funso loti nanga bwanji ineyo, ndipo chipatala chilichonse sichimayankha funso limenelo, nchifukwa chake mchape, mankhwala omwe amamwetsa anthu pofuna kuchotsa ufiti, unafalikira chomwecho m'ma 1930.

Tsopano tifike pa khomo lomwe limandipweteka mtima kwambiri, la odwala misala. Apa mishoni sizinalowererepo kwenikweni, malo anali amodzi ndipo anali a boma, Zomba Lunatic Asylum yomwe inatsegulidwa mu 1910. Malowa anali mbali ya ndende yaikulu ya Zomba, oyang'anira anali a ndende, osamalira odwala anali asilikali a ndende, dokotala amangobwera kudzazungulira ngati mmene amayendera akaidi. Munthu samapita yekha kukapempha thandizo, amatumizidwa ndi khoti kapena bwana DC, ndipo ambiri anali oti apalamula, wina wavulaza munthu, wina watentha nyumba, wina amangosokoneza pa tauni kapena pa esiteti. Odwala khunyu nawonso amapezeka momwemo. Mankhwala ochiza kunalibe, osati ku Zomba kokha koma dziko lonse lapansi, poti chlorpromazine, mankhwala oyamba othandizadi pa misala, anadzatulukira mu 1952. Chomwe chinalipo ndi chitseko, unyolo kwa olusa, ndi ntchito yakumunda kwa odekha. Mu 1935 madokotala awiri a boma, Shelley ndi Watson, anachita kafukufuku wa odwala a mmenemo, koma panapitabe zaka kuti malowa achoke m'manja mwa a ndende, zinatheka mu 1951, ndipo chipatala cha Zomba Mental chinadzatsegulidwa mu 1953.

Kuyerekeza ndi kumudzi, sindikufuna kunamizira kuti kumudzi kunali mtendere wokhawokha. Wodwala wolusa amamangidwa pa mtengo kapena kuvekedwa goli, ena amanyozedwa ndi ana, ena amathamangitsidwa. Koma wodwala wodekha amadya ndi abale ake, amalima pang'ono, amaitanidwa ndi dzina lake, akapezako bwino palibe amafunika kusaina pepala kuti abwerere m'nyumba mwake. Kwa munthu wochokera ku Karonga kapena ku Mzimba kutumizidwa ku Zomba kunali kusiyana ndi abale mwina mpaka imfa, nanga ndani akanayenda mtunda wonsewo kukamuona. Ndiye ine ndikuti pokhapokha ngati moyo wa wina unali pachiswe, pakhomo panali bwino kuposa asylum. Boma lenilenilo limadziwa zimenezi ndipo limakondwa kuti mabanja azisunga okha odwala awo poti zimapulumutsa ndalama. Matchona athu a ku Southern Rhodesia akadwala mutu njira yawo inali Ingutsheni ku Bulawayo, yomwe inatsegulidwa mu 1908, nayonso yosiyanitsa azungu ndi akuda, ndipo munthu wobwera wopanda m'bale woti akamuchonderere kutuluka kwake kunali kovuta kuposa mwini dziko.

Nkhani ya khate ndi yomwe imaonetsa bwino kusiyana kwa njira ziwiri, yokakamiza ndi yonyengerera. Ku Cape anakhazikitsa lamulo mu 1891 loti aliyense wopezeka ndi khate atengedwe kaya afune kaya asafune, ambiri nkuponyedwa pa chilumba cha Robben Island, chomwechija anadzatsekerapo Mandela, ndipo akhate anakhalapo mpaka 1931 pomwe otsala anawasamutsira kumalo ena monga Westfort ku Pretoria. Zotsatira zake zinali zoti anthu amabisa odwala, munthu amaonekera matenda atamudya kale zala, nthawi yonseyo akupatsira a m'nyumba mwake. Ku Nyasaland boma linalibe ndalama zomangira malo otero ndi kulemba alonda, ndiye linasankha njira yotchipa, kupereka kandalama ku mishoni kuti zisunge akhate obwera mwa kufuna kwawo. Bungwe la ku Britain la BELRA lomwe linayamba mu 1924 limathandiza ndi mankhwala ndi ndalama zomangira. Mmenemo ndi momwe munakulira midzi ya akhate ya ku Malamulo kwa a Seventh Day, ku Mua ndi ku Utale kwa Akatolika, ku Likwenu kwa a Anglican.

Moyo wa m'midzi imeneyi unali wotani? Wodwala amakhala m'kanyumba kake, ali ndi mphamvu amalima munda wake, amapita kukabayidwa jakisoni wa mafuta a mtengo wa ku India wotchedwa chaulmoogra kapena hydnocarpus, jakisoni wowawa kwambiri wobaya pakhungu mobwerezabwereza kwa miyezi ndi zaka, ndipo kunena zoona mphamvu yake inali yochepa, ena amaoneka ngati achira kenako matenda nkubwerera. Mankhwala enieni a dapsone anadzabwera m'ma 1940 kupita m'tsogolo. Chomwe chimathandiza kwambiri chinali kutsukidwa zilonda tsiku ndi tsiku, kudya mokwanira, ndi kukhala pakati pa anthu osakuthawa. Chowawa chinali cha ana, poti malo ambiri otere amalekanitsa mwana wobadwa bwino ndi mayi ake kuti asatengere. Koma poti chipata sichinali chokhoma, munthu amatha kupita kumudzi kukakolola kapena kumaliro nkubwerera, ndipo chifukwa cha chimenecho anthu amabwera msanga matenda asanafike patali. Apa kusauka kwa boma la Nyasaland kunapangitsa kuti litsate njira yabwinopo kuposa ya ku South Africa komwe ndalama zinalipo. Malo a akhate a boma lenileni, Kochirira ku Mchinji, anadzabwera m'ma 1950.

Chifuwa chachikulu nde nkhani ina. Kunja nthawi imeneyo yankho la TB linali sanatoriyamu, chipatala chomangidwa kuphiri kapena kutchire kwa mphepo yabwino komwe wodwala amagona pakhonde usana ndi usiku olo kuzizire bwanji, kumadya mkaka, mazira ndi nyama, osagwira ntchito, miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka kapena kuposa. Ena amawapopera mpweya m'chifuwa kuti phapo lodwalalo lifwape lipume. Robert Koch anali atapeza kachilombo ka TB mu 1882 koma mankhwala opha kachilomboko kunalibe. Poyamba malo otere anali a anthu olemera, monga ku Davos ku Switzerland, kenako maboma analowererapo, Massachusetts ku America inatsegula sanatoriyamu ya boma ku Rutland mu 1898, Britain mu lamulo la inshulansi la 1911 inaika ndalama zoti wantchito wodwala TB akagone ku sanatoriyamu, South Africa inatsegula Nelspoort ku Karoo mu 1924. Kodi zimachiza? Amene matenda anali asanafike patali ambiri amapezako bwino, koma obwerera ku nyumba zothinana ndi ntchito yakalavulagaga ambiri amadwalanso nkufa pasanathe zaka zambiri. Phindu lenileni linali loti munthu wotsokomola wachotsedwa pakati pa ana ake. Mankhwala atabwera, streptomycin m'ma 1940 kenako isoniazid mu 1952, kafukufuku wa ku Madras ku India chakumapeto kwa m'ma 1950 anaonetsa kuti womwa mankhwala kunyumba amachira chimodzimodzi ndi wogona ku sanatoriyamu, ndipo malo aja anayamba kutsekedwa.

Nanga ife zimatikhudza pati? Pa Joni. Amuna athu opita ku migodi ya golide amapuma fumbi la miyala pansi pa nthaka nkumagona mothinana m'makomponi, ndipo amafa ndi chibayo kwambiri mwakuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22 wa pa mapu, kuphatikizapo a ku Nyasaland, chiletso chomwe chinadzachotsedwa m'ma 1930 Wenela nkuyambiranso, ngakhale pakatipo ambiri amapitabe paokha mozemba. Mzungu wa mu mgodi akadwala mapapo kunali sanatoriyamu ya Springkell pafupi ndi Johannesburg ndi chipukuta misozi chooneka. Munthu wakuda akapezeka ndi TB amagonekedwa pang'ono kuchipatala cha mgodi, akangotha kuimirira amapatsidwa kandalama kochepa nkukwezedwa sitima kubwerera kwawo. Ndiye sanatoriyamu ya agogo athu inali khonde la nyumba yawo kumudzi, nesi wake ndi mkazi wawo, ndipo kachilombo kamatsala m'nyumbamo. Pa matenda awa palibe zoti bola uku, khomo lomwe likanathandizako linalipo koma silinali lathu.

Za nyumba zosungira okalamba sinditaya nthawi chifukwa boma la Nyasaland silinaganizeko zomangira anthu akuda, limati mudzi ulipo. Ku Britain komweko nkhalamba yosauka imathera ku workhouse, nyumba ya boma yomwe anthu amaiopa kwambiri poti mwamuna ndi mkazi amagonekedwa kosiyana nkuvekedwa yunifolomu, ndipo penshoni ya mashiling'i 5 pa sabata kwa a zaka 70 itayamba mu 1909 okalamba ambiri anaikondera chifukwa imawapulumutsa kumeneko. South Africa inayamba penshoni ya okalamba mu 1928 koma anthu akuda anadzalowamo mu 1944. Kuno gogo wokhala ndi ana ndi adzukulu anali pabwino kuposa wa mu workhouse, koma yemwe ana ake onse anatchona analibe pogwira. Osaona ndi amasiye thandizo lochepa lomwe linalipo linali la mishoni, monga sukulu ya akhungu ya ku Magwero kufupi ndi Chipata ku Zambia wa lero yomwe a Dutch anayamba mu 1905.

Tibwere ku makoleji, poti zipatala zonse tatchulazi zimafuna anthu ophunzira. Apa kuyerekeza nkosavuta chifukwa kwa zaka zambiri boma linalibe sukulu yakeyake ya anthu akuda. Limangopereka ndalama zochepa ku mishoni, poyamba mapaundi 1,000 pa chaka kugawana mishoni zonse, ndipo dipatimenti ya maphunziro inadzakhazikitsidwa mu 1926 a Phelps-Stokes Commission, gulu loyendera maphunziro mu Africa, atadutsa mu 1924 nkudandaula. Mnyamata wanzeru njira yake inali Overtoun Institution ku Livingstonia yomwe inayamba mu 1894, Henry Henderson Institute ku Blantyre ya 1909, St Michael's College ya a Anglican, kapena sukulu za aphunzitsi za a Dutch ndi Akatolika. Ku Overtoun amaphunzitsa uphunzitsi, ubusa, zachipatala, ukalaliki, telegalafu, ukalipentala, kusindikiza mabuku, ndipo Chingerezi chake chinali chapamwamba mwakuti omaliza kumeneko amalembedwa ntchito mpaka ku Tanganyika, Congo, ma Rhodesia ndi South Africa. Clements Kadalie yemwe anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919 anachokera kumeneko, Levi Mumba yemwe anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944 chimodzimodzi, David Kaunda bambo ake a Kenneth Kaunda chimodzimodzi.

Boma litati liyambe yake linatsegula Jeanes Training Centre ku Domasi mu 1929, mothandizidwa ndi ndalama za Carnegie za ku America. Maganizo ake anatengedwa ku sukulu za anthu akuda a kumidzi ya kummwera kwa America. Mphunzitsi amabwera ndi mkazi wake ndi ana, amakhala m'mudzi wachitsanzo, bambo kumaphunzira kayendetsedwe ka sukulu za m'midzi, ulimi, kukumba zimbudzi ndi zitsime, mayi kumaphunzira zaukhondo, kulera ana, kusoka ndi uzamba, akamaliza abwerere kwawo azikayendera sukulu zing'onozing'ono. Pambuyo pake mafumu nawo amaitanidwa kudzachita kosi. Ine sindinyoza zimenezi, chimbudzi ndi chitsime chabwino zapulumutsa ana ambiri kuposa mpeni wa dokotala, ndipo kuphunzitsa amayi pamodzi ndi amuna awo inali nzeru. Koma cholinga chake chinali choti munthu wakuda akhale bwino pomwe alipo, osati akwere. Wofuna kukatumikira mudzi wake Domasi inali yabwino, wofuna satifiketi yomutsegulira dziko bola Khondowe kapena Blantyre. Ndipo ena mwa azungu a boma ndi a m'maesiteti samakondwa ndi maphunziro apamwamba a mishoni makamaka chichitikireni nkhondo ya Chilembwe mu 1915, poti mmodzi mwa omwe anaphedwa ndi boma chifukwa cha nkhondoyo anali John Gray Kufa, wophunzira wa Macvicar uja, mmodzi mwa anthu akuda oyambirira kukhoza mayeso a zachipatala ku Blantyre.

Kuti muone kuti boma likanatha kuchita zambiri, yang'anani Uganda. Kumeneko boma la atsamunda lomwelo linatsegula Makerere mu 1922 ndipo pofika 1924 anali atayamba kuphunzitsa zachipatala. Ku South Africa Fort Hare inatsegulidwa mu 1916. Kuno Dr Laws uja amalota zoti sukulu yake ya Overtoun idzakhale yunivesite koma atapuma mu 1927 malotowo anazilala, sekondale yoyamba inadzabwera mu 1940 ku Blantyre, ya Zomba Catholic mu 1942, ya boma lenileni ku Dedza mu 1951. Mnyamata wa 1930 wofuna ntchito ya chipatala akanachita bwino kukaphunzira ku mishoni ya Blantyre kapena Livingstonia kenako nkukalembedwa ku boma komwe malipiro anali okwererako, kapena kudikira sukulu ya boma ya othandiza madokotala yomwe inayamba ku Zomba m'ma 1930, koma kulikonseko mapeto ake anali hospital assistant, kugwira chipatala chonse yekha kumachita ntchito ya dokotala koma dzina ndi malipiro ayi. Wofuna udokotala weniweni amayenera kuwoloka nyanja. Daniel Sharpe Malekebu anatero, anamaliza ku Meharry Medical College ku Nashville mu 1917, atabwera mu 1921 boma linamukaniza kukhala m'dziko lake lomwe chifukwa anali wa mishoni ya Chilembwe, mpaka mu 1926 ndi pomwe analoledwa kudzatsegulanso mishoniyo, PIM, ku Chiradzulu. Kamuzu anadutsa njira yomweyo ya Meharry nkumaliza mu 1937. Sukulu yophunzitsa madokotala m'dziko muno inadzatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, patatha zaka 74 Malekebu atalandira digiri yake.